Chidole cha ubweya wa kalulu: mmene mungaonerere King Kong wa 1933

Funso: "Malume anga amakonda mafilimu akale. Anandionetsa King Kong wa mu 1933, uja wopanda mitundu, n'kumanena kuti palibe filimu ya chinyani imene inamuposa. Ine ndinangoseka. Chinyanicho chimayenda modukizadukiza, ubweya wake ukungogwedezeka popanda mphepo, ndipo poyerekeza ndi za pakompyuta za masiku ano ndi chidole chabe. Kodi pali chimene sindikuchiona, kapena malumewo akungolakalaka zakale?" Mnyamata wa ku Zomba.

Achimwene, maso anu sanakunamizeni. Ndi chidoledi, ndipo n'chaching'ono kuposa mmene mukuganizira. Kong amene akulimbana ndi zilombo pachilumba paja anali wotalika pafupifupi masentimita 45, woti mutha kumunyamula m'khwapa. Anamupanga ndi Marcel Delgado: m'kati anaikamo mafupa achitsulo okhala ndi mfundo zopindika, pamwamba pake minofu ya mphira wofewa, kenako khungu, n'kumaliza ndi ubweya wa kalulu. Komabe malume anu sakulota. Inu munafunsa filimuyo funso limodzi lokha, loti "kodi chikuoneka ngati chenicheni?", ndipo pamenepo kompyuta ipambana nthawi zonse. Funso limene filimuyi imayankha bwino ndi lina: kodi munthu angachipatse bwanji mtima chitsulo ndi mphira, pogwiritsa ntchito zala zake zokha?

Tiyambe ndi mmene ankamuyendetsera. Filimu siyenda ayi. Ndi zithunzi zoima zimene zimadutsa m'maso mwathu 24 pa sekondi iliyonse, mpaka ubongo kuvomera kuti zikuyenda. Willis O'Brien, mkulu wa ntchitoyi ku kampani ya RKO, ankagwiritsa ntchito njira yotchedwa stop motion. Amaimika chidole patebulo, mapazi atamangidwira kunsi kuti chisagwe, n'kujambula chithunzi chimodzi. Akatero asunthe mkono pang'onong'ono, apinde chala, atembenuze mutu, achoke pamaso pa kamera, ajambule china. Kuti Kong ayende sekondi imodzi, zimenezi zichitike maulendo 24. Mphindi imodzi ndi zithunzi 1,440. Ndiye taganizani pamene zilombo zili ziwiri patebulo limodzi, china chili ndi mchira umene ukuyenera kukwapula pa liwiro lake pomwe miyendo ikuyenda pa liwiro lina.

Chovuta kwambiri n'chakuti panalibe poonera. Lero mukajambula ndi foni mumabwezera pompo n'kuona. Iwo ankadikira kuti filimu ikatsukidwe, mawa lake ndi pamene ankadziwa ngati ntchito ya tsiku lonse yatheka kapena yalowa m'madzi. Zonse zinali m'mutu mwa wosunthayo: mkono uja ukupita kuti, unali pati chithunzi chapitacho, ukufulumira kapena ukuchepetsa. Nyali imodzi ikapsa pakati pa ntchito, kuwala kumasintha ndipo gawolo limawonongeka. Ndewu ya Kong ndi Tyrannosaurus, chilombo chamakedzana chodya nyama, imene pakanema imatha mphindi zochepa, inawatengera pafupifupi milungu 7.

Kudukiza kumene kunakuseketsaniko kuli ndi chifukwa chake. Munthu weniweni akaponya chibakera pamaso pa kamera, mkonowo umatuluka mwachimbuuzi pa chithunzi chilichonse, chifukwa unali kuyenda pamene kamera inatsegula diso. Ife tinazolowera chimbuuzi chimenechi ngakhale sitichizindikira. Chidole chimakhala chili chiimire pojambulidwa, choncho chibakera cha Kong chimaoneka bwinobwino mpaka m'mphepete pa chithunzi chilichonse, ndipo diso limamva kuti pali chimene chikusowa. Si ulesi wa amisiriwo, ndi mmene njirayi ilili. Vutoli linadzachepetsedwa zaka pafupifupi 50 pambuyo pake, pamene anayamba kusuntha zidole ndi timainjini kamera ili chitsegulire.

Za ubweya ndiye nkhani yabwino koposa. Chimene mukuona chikugwedezekacho ndi zala za anthu. Nthawi iliyonse akagwira chidole kuti achisunthe, ubweya wa kalulu unkadindika, ndipo sunkabwerera pamene unali. Zithunzi zikathamanga, madindo onsewo amaoneka ngati mafunde pamsana pa Kong. Kunali kulakwika, inde, koma oonera ambiri anaona ngati ubweya ukuimirira ndi mkwiyo. Kwa ine apa ndi pamene filimuyi imasiyana ndi ina iliyonse ya masiku ano: mmisiri saoneka, koma pamene anagwira pakuoneka, sekondi iliyonse.

Tsopano bwererani ku ndewu ija, muione kawiri. Ulendo woyamba ingoonerani. Wachiwiri yang'anani Kong yekha. Muona kuti samenya ngati nyama. Amazungulira mdani wake, amaponya zibakera, amagwira mwendo kuti amugwetse, amakwera pamsana. O'Brien anamenyapo nkhonya ali mnyamata, ndipo zimene thupi lake linkadziwa anazilowetsa m'chidolecho. Ndewu ikatha, Kong atathyola nsagwada za chilombocho, sachoka msanga. Amagwira chibwano chija, kuchitsegula, kuchitseka, ngati akudabwa kuti chinthu chinali kumuluma posachedwapa changoti lobodo. Kenako m'pamene amadziguguda pachifuwa. Nkhani ya filimuyo ikanayenda bwinobwino popanda kachibwano kameneka. Wina anasankha kuwononga maola ambiri pa masekondi amenewa kuti ife tidziwe kuti m'mutu mwa Kong muli chidwi, osati ukali wokha.

Chimodzimodzinso pamapeto, pamwamba pa Empire State Building, nyumba yosanja ya ku New York. Ndege zikumuwombera. Iye amagwira pachifuwa, n'kuyang'ana zala zake, akuona magazi ake osamvetsa chimene chikumuchitikira. Amanyamula komaliza Ann, mtsikana amene wamukonda, kumuyang'ana, kumuika pansi mosamala, thupi likulefuka pang'onopang'ono mpaka dzanja kutaya pamene linagwira. Kulefuka n'kovuta kupanga kuposa ndewu, chifukwa kumafuna kuti kusuntha kulikonse kuchepe kuposa kwapitako, ndi muyezo wa m'maso basi. Anthu amene analowa m'holo kudzaopa chilombo ankatuluka akuchimvera chisoni. Ngati mukufuna kudziwa chimene malume anu akutama, n'chimenechi.

Chidole pachokha sichikanakwanira. Luso lina lalikulu linali losanjikiza zinthu zosiyana kuti zikhale chithunzi chimodzi. Nkhalango ya pachilumba ija mbali yaikulu ndi penti. Mario Larrinaga ndi Byron Crabbe ankajambula mitengo ndi mipesa pa magalasi akuluakulu, n'kuwaimika motsatana pakati pa kamera ndi tebulo, kumbuyo kukhale chithunzi china cha mapiri ndi nkhungu. Kutsogolo kwakuda, pakati kotuwa, kutali kowala, motengera zojambula za Gustave Doré, wojambula wakale wa ku France. N'chifukwa chake nkhalangoyo imaoneka yakuya chonchija, ngati mungaloweremo osatulukanso. Ine ndimaona kuti nkhalango imeneyi sinakalambe ngakhale pang'ono. Ikuposa nkhalango zambiri za pakompyuta zimene tsamba lililonse likuoneka mofanana, diso n'kusowa popumira.

Nanga anthu enieni ankakhala bwanji pamodzi ndi chidole cha masentimita 45? Njira zinali zingapo. Pena ankayamba ndi zidole, kenako filimuyo n'kuionetsa pa chinsalu chachikulu kuchokera kumbuyo, Fay Wray, amene anasewera Ann, atakhala pamtengo wopanga kutsogolo kwake n'kumakuwa. Pena ankatembenuza: ayambe kujambula munthu, kenako chithunzi chake achionetse pa kachinsalu kakang'ono kobisika m'kati mwa tebulo la zidole, chithunzi chimodzichimodzi, mogwirizana ndi kusuntha kwa Kong. Pamene Jack Driscoll, mmalinyero amene akufuna kupulumutsa Ann, wabisala m'kaphanga kunsi kwa phompho, Kong akupisa dzanja kumufunafuna, mukuona njira imeneyi. Mukayang'anitsitsa muona kuti munthuyo ndi wotuwirako poyerekeza ndi miyala yomuzungulira. Ukadziwa zimenezi, kuonera kumasanduka masewera: apa galasi lathera pati, apa munthu weniweni wasinthana liti ndi kachidole kake.

Anapanganso dzanja lalikulu lenileni lokhala ndi zala zopindika, lonyamulira Fay Wray, phazi lalikulu, ndi mutu waukulu pamodzi ndi mapewa umene anthu ankalowa m'kati n'kumayendetsa maso ndi kamwa. Apa ndikugwirizana nanu, sekani ndithu. Mutu umenewu ndi chinthu chofooka m'filimu yonse. Umangoti tong'oo, mano pamtunda, ndipo sufanana n'komwe ndi nkhope ya chidole chaching'ono chija. Chodabwitsa n'chakuti chachikulucho ndiye chakufa, chamoyo n'chaching'ono.

Musaonere filimuyi mawu atatsitsidwa. Murray Spivack anapanga kubangula kwa Kong posakaniza kulira kwa mkango ndi kwa nyalugwe wamizeremizere wa ku Asia, n'kukuchedwetsa ndi kukuseweretsa chobwerera, kuti pasapezeke wozindikira nyama yake. Max Steiner analemba nyimbo zotsata zochitika phazi ndi phazi, zimene pa nthawiyo zinali zachilendo, pakuti mafilimu olankhula anali asanakwanitse n'komwe zaka 10. Mvetserani pamene mfumu ya pachilumba ikutsika masitepe: phazi lililonse lili ndi kugunda kwake. Ndipo mvetseraninso pamene nyimbo palibe. Chiyambi chonse cha ku New York ndi ulendo wa panyanja zilibe nyimbo, imayamba pamene sitima yalowa m'nkhungu pafupi ndi chilumba. Kulemera kwa Kong theka lake kumalowera m'makutu.

Oonera oyamba, mu March 1933 ku New York, anali anthu a pa nthawi ya mavuto aakulu a zachuma, mabanki akutsekedwa, ntchito kulibe. Nyumba ya Empire State inali itangotha kumangidwa mu 1931, yaitali kuposa zonse padziko. Kuona chilombo chikuphwanya sitima ya pamtunda ya mumzinda wawo womwewo, n'kukwera nyumba imene ankainyadira, sichinali chinthu choseketsa kwa iwo.

Pali zina zimene sindingakuuzeni kuti muzikonde. Chilumbacho akuti chili ku nyanja ya India, kumadzulo kwa Sumatra, koma anthu ake ndi akuda ovekedwa monga mmene Hollywood inkaganizira za anthu "osatsegula maso": kuvina, kupereka atsikana nsembe kwa chilombo, ndipo mfumu yawo ikangoona mzungu wa tsitsi loyera ikufuna kusinthanitsa akazi 6 a kwawo ndi iye mmodzi. Mfumuyo anasewera ndi Noble Johnson, katswiri wakuda wa ku America amene m'mbuyomo anali atayambitsa nawo kampani yopanga mafilimu a anthu akuda, Lincoln Motion Picture Company, koma maudindo amene ankapatsidwa ndi ngati amenewa. Ambiri aonanso kuti chithunzi cha cholengedwa chakuda chogwidwa kwawo, kuwolotsedwa nyanja, n'kuonetsedwa chili m'maunyolo kuti anthu alipire, chikukumbutsa mbiri imene tonse tikuidziwa. Munthu utha kuyamikira zala za O'Brien uku ukunyansidwa ndi maganizo a filimuyo, ndipo ine ndimachita zonse ziwiri.

Za nyamazo nazonso musaphunzirepo kanthu. Gorila weniweni, wa kumapiri a Rwanda, Uganda ndi Congo, amadya masamba, mphukira ndi zipatso, amayenda ndi miyendo inayi potsamira pa mfundo za zala, ndipo amapewa ndewu. Chilombo cha khosi lalitali chimene chikutafuna amalinyero m'dambo muja ndi cha gulu limodzi ndi Malawisaurus amene chifanizo cha mafupa ake chaimikidwa ku nyumba yosungira zakale ku Karonga, ndipo zonsezo zinkadya zomera.

Mukafuna kuona njira yomweyi itakhwima, pezani Mighty Joe Young wa 1949. Son of Kong, imene anaithamangitsa kuti ituluke chaka chomwecho cha 1933, mutha kuidumpha osataya zambiri. Koma Joe ayi. Anapanga ndi anthu omwewo amene anapanga King Kong, Merian C. Cooper ndi Ernest B. Schoedsack, O'Brien akuyang'anira, koma ntchito yambiri yosuntha chidole inagwiridwa ndi Ray Harryhausen, amene anaonera King Kong ali ndi zaka pafupifupi 13 n'kutsimikiza kuti ntchito yake idzakhala imeneyi. Joe amayenda mosalala, ubweya wake sutekeseka chifukwa anapeza chikopa chokonzedwa mwa njira ina, ndipo nkhope yake imadziwa kukwiya, kuchita manyazi, ngakhale kuledzera. Gawo limene akupulumutsa ana m'nyumba yoyaka moto, lopakidwa mtundu wofiirira, ndi limodzi mwa magawo abwino koposa a stop motion amene ndikuwadziwa. Filimuyi inalandira Oscar ya luso limeneli, mphoto imene King Kong sanalandire pakuti mu 1933 inali isanakhazikitsidwe. Ngakhale zili choncho ine ndimakondabe Kong. Joe ndi chiweto chabwino, Kong ndi woopsa, ndipo kudukiza kuja kumamuthandiza kuoneka ngati chinthu cha m'maloto oipa.

Ku Japan anatenga njira ina. Eiji Tsuburaya wa ku kampani ya Toho ankamukonda kwambiri King Kong, koma popanga Godzilla mu 1954 analibe nthawi yosuntha zidole chithunzi chimodzichimodzi. Anaveka munthu chovala cha mphira, n'kumumangira mzinda waung'ono woti aziuponda. Chinsinsi chake chinali liwiro la kamera: akajambula zithunzi zambiri pa sekondi n'kuzionetsa pa liwiro la nthawi zonse, kanyumba kakang'ono kamagwa pang'onopang'ono ngati kolemera matani ambiri. Mu King Kong vs. Godzilla wa 1962, wotsogoleredwa ndi Ishiro Honda, Kong ndi munthu m'chovala, ndipo kunena zoona chovalacho n'choipa, nkhope ngati yasungunuka padzuwa. Musayang'ane nkhopeyo. Yang'anani timidzi, timitengo, tinjanji, ndi nyumba yachifumu ya Atami imene zilombo ziwirizo zikuigumula kumapeto, denga likuyoyoka kachidutswa kamodzikamodzi. Komanso filimuyi siyofuna kuopseza: ndi nthabwala yonena kampani ya mankhwala imene ikufuna Kong kuti azitsatsira malonda pa TV.

King Kong wa 1976, filimu ya Dino De Laurentiis, ili ndi phunziro lake kwa okonda zazikulu. Analengeza kuti apanga Kong wa makina wotalika pafupifupi mamita 12, wopangidwa ndi Carlo Rambaldi. Anamupangadi, koma sankayenda bwino, ndipo m'filimu yonse amaoneka masekondi ochepa chabe. Pafupifupi paliponse pamene mukuona Kong ndi Rick Baker atavala chovala, nkhope ikuyendetsedwa ndi zingwe zokokedwa ndi anthu ena chapatali. Maso amene akuchititsa chisoniwo ndi a Baker.

Ndipo musaganize kuti kompyuta inachotsa munthu. Kong wa Peter Jackson wa 2005 anasewera ndi Andy Serkis, amene anapita ku Rwanda kukaona mmene magorila amakhalira, n'kuvala zovala zokhala ndi timadontho kuti makina atengere mayendedwe ake ndi nkhope yake. Ntchitoyo ndi yabwino kwambiri, sindikuinyoza. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko dzanja la mmisiri labisika bwinobwino, pamene mu 1933 lili poyera. Apa m'pamene malume anu akuwonjezera pang'ono akamati palibe inaposa. Pa kufanana ndi gorila weniweni, ya 2005 ili patsogolo kutali. Koma Jackson mwiniwake amanena poyera kuti ya 1933 ndi imene inamuchititsa kufuna kupanga mafilimu.

Mukafuna kuti zimenezi zikuloweni m'thupi, yesani nokha. Umbani ng'ombe yadothi ngati zija tinkaumba kudambo, kapena tengani galimoto ya waya, tsamiritsani foni pamalo posagwedezeka, mujambule zithunzi 12 pa sekondi iliyonse imene mukufuna. Mapulogalamu a stop motion aulere alipo ambiri. Yesani kuti ng'ombeyo itembenuze mutu, iime kaye, kenako ibwerere m'mbuyo ngati yaopa. Mupeza kuti kuisuntha n'kosavuta, chovuta ndi kaimidwe kapakatiko, kuti muime zithunzi zingati kuti woonera akhulupirire kuti yaganiza.

Pobwereza kuonera, pezani kope labwino, losapakidwa mitundu. Lilipo lina limene anaikamo mitundu ndi kompyuta kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo limapha kuya kwa nkhalango kuja. Kope lathunthu limatenga pafupifupi mphindi 100. Pamene filimuyi inatulutsidwanso mu 1938, oyang'anira makhalidwe anadula magawo amene Kong akutafuna anthu, kuwapondereza m'matope, kugwetsa mayi wina kuchokera pawindo, ndi pamene akusenda zovala za Ann n'kununkhiza zala zake. Anadzabwezeretsedwa patapita zaka zoposa 30, ndipo popanda iwo Kong amaoneka wofatsa kuposa mmene anamupangira. Oonerani usiku, pa sikirini yaikulu imene mungapeze, osati pafoni, ndipo musathamangitse chiyambi ngakhale Kong saoneka mpaka patadutsa mphindi zoposa 40. Kudikirako anakuika dala, chifukwa akangotulukira filimuyo siimanso.

Gawo limodzi lokha simudzaliona. Amalinyero amene Kong anawagwedeza pa chipika n'kugwera m'phompho ankayenera kudyedwa ndi akangaude ndi zilombo zina pansipo. Cooper analichotsa filimu isanatuluke, ndipo mpaka lero silinapezeke. Kwatsala zithunzi zochepa ndi zojambula pamanja. Mu 2005 Jackson ndi anzake analipanganso mongoyerekeza, ndi zidole zenizeni ndi njira zakale zomwezo, n'kuliika ngati chowonjezera pa DVD ya filimu ya 1933.